Kodi matakisi opanda dalaivala andilanda ntchito ngongole isanathe?

Funso: Ndili ku Johannesburg, ndimanyamula anthu kudzera pa Uber ndi Bolt, koma galimoto ndi ya bwana. Ndasunga kangachepe koti ndingapereke dipoziti n'kutenga yangayanga pa ngongole ya zaka zisanu. Alamu anga akuti ndisayerekeze, chifukwa ku America matakisi ayamba kuyenda okha ndipo ife madalaivala zathu zatha. Akuti bola ndalamayo ndigulire masheya m'makampani a matakisiwo. Ndigwire mtengo uti?

Yankho: Achimwene, pa zoti matakisi ayamba kuyenda okha, alamu anuwo sanakunamizeni. Kampani ya Waymo, yomwe inayamba ngati ntchito ya Google mu 2009, yakhala ikunyamula anthu popanda munthu pachiwongolero ku Phoenix kuyambira 2020. Inafika ku San Francisco ndi Los Angeles, ndipo pofika Epulo 2025 inkanena kuti ikuchita maulendo olipidwa oposa 250,000 pa sabata. Ku China nako, Baidu ikuyendetsa matakisi otere mumzinda wa Wuhan. Zoti galimoto imatha kudziyendetsa si nkhani yokangana tsopano. Funso la ife a zamalonda n'lakuti kodi ikubweza ndalama?

Apa ndiye pali nkhani. General Motors inathira madola oposa 10 biliyoni mu Cruise, kampani yake ya matakisi opanda dalaivala. Mu Okutobala 2023 ku San Francisco, galimoto ina yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mayi woyenda pansi n'kumuponyera kutsogolo kwa takisi ya Cruise, yomwe inamukhwekhwereza mamita pafupifupi 6. Boma la California linaimitsa chilolezo chawo, ndipo mu Disembala 2024 General Motors inasamba m'manja. Ford ndi Volkswagen anatseka Argo AI, kampani yawo ya magalimoto odziyendetsa, mu 2022. Uber yomwe inuyo mumaigwirira ntchito inagulitsa nthambi yake yopanga magalimoto otere mu 2020, patapita zaka ziwiri galimoto yake yoyeserera itapha munthu ku Tempe, Arizona. Awa si anthu osowa mpamba kapena akatswiri.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti dalaivala sagwira chiwongolero chokha. Inu mukatenga galimotoyo, ngongole idzakhala yanu, matayala anu, inshuwalansi yanu. Munthu akasanzira pampando usiku wa Loweruka, wotsuka ndinu. Galimoto ikakhala pansi pa mtengo masana opanda makasitomala, woluza ndinu. Ndiye kampani ikamuchotsa dalaivala, katundu yenseyu imadzisenzetsa yokha: igule magalimoto okwera mtengo odzaza makamera, rada ndi zida zoyezera mtunda ndi kuwala zotchedwa lidar, ikhale ndi malo oimikapo ndi kutchajira, ilembe otsuka ndi amakaniko, kuphatikizapo anthu okhala pa kompyuta othandiza galimoto ikasokonezeka. Zimenezi zingapindule pokhapokha malipiro a dalaivala amene achotsedwayo ali aakulu kwambiri. Ku San Francisco ndi aakuludi. Ku Johannesburg, mukudziwa nokha zimene mumatsala nazo m'thumba mukachotsa mafuta, komishoni ndi ya bwana. Kampani yanzeru singabweretse makina odula chotere kuti ipulumutse kandalama kameneko, mizinda ya anthu olemera ku America, ku Ulaya ndi ku Middle East isanathe.

Komanso magalimoto amenewa sayenda paliponse. Amayenda m'dera lomwe misewu yake yajambulidwa kale mwatsatanetsatane, ndipo kutsegula mzinda watsopano kumafuna nthawi, ndalama ndi chilolezo cha boma. Mu Disembala 2025 magetsi atazima m'mbali yaikulu ya San Francisco, magalimoto ambiri a Waymo anangoima pamphambano pomwe maloboti a pamsewu anali atafa, mpaka kampaniyo inayamba yaimitsa ntchito. Inu maloboti akufa mumadutsa angati pa tsiku?

Mukanakhala kuti muli ku Phoenix, kapena ku London komwe Waymo inalengeza kuti ikufuna kukayamba, ndikanati muganize kawiri za ngongole yaitali. Kumene muliko, ine sindikuona matakisiwa akukulandani makasitomala zaka zisanu zisanathe.

Za masheya, samalani. Waymo payokha siili pa msika wa masheya. Mukagula a Alphabet, mwini wake, ndiye kuti mwagula makamaka bizinesi ya Google yotsatsa malonda pa intaneti, pamene nthambi imene muli Waymo imaluza mabiliyoni chaka ndi chaka. Pony.ai ndi WeRide, makampani a matakisi otere a ku China, analowa pa msika wa masheya wa Nasdaq ku America kumapeto kwa 2024, koma analowa akuluza. Tesla ndiye imalonjeza msanga: mu 2019 mkulu wake Elon Musk ananena kuti pofika 2020 padzakhala matakisi otere miliyoni imodzi, koma anayamba mu Juni 2025 ku Austin ndi magalimoto ochepa, muli wantchito wakampani pampando wakutsogolo. Masheya otere mumaikamo ndalama imene ikatayika ana sagona ndi njala, osati dipoziti ya chida chimene mudzadyerepo. Ndipo wina akakuuzani pa WhatsApp kuti "gulani gawo la takisi yodziyendetsa, muzilandira phindu sabata iliyonse", ameneyo ndi wakuba.

Chimene chingakugwetseni pa ngongoleyi chili pafupi. Musanasaine, tengani zimene munapeza m'miyezi itatu yapitayi, musankhe mwezi woipitsitsa. Chotsanipo mafuta, komishoni, inshuwalansi yololeza kunyamula anthu, sevisi, matayala ndi data. Zotsalazo zikwanitse kubweza ngongole ya mwezi ndi kudyetsa banja, ngakhale galimoto itakhala kugaraji sabata yathunthu. Funsani ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza, osati ya pamwezi yokha. Funsaninso ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika kapena chimakwera, komanso ngati pali chindalama chachikulu cholipira kamodzi kumapeto, chomwe kumeneko amati balloon payment. Fufuzaninso malire a zaka za galimoto amene Uber ndi Bolt amalola, kuopa kuti yanuyo ingachotsedwe pa ntchito mukadali ndi chaka chimodzi chobweza. Ngati masamu akulola, tengani ya zaka zitatu kapena zinayi m'malo mwa zisanu.