Atsikana okhaokha, ati vuto ndi mimba yanu?

Imelo ya mayi wina wa ku Matero yandigoneka mochedwa dzulo. Ali ndi ana atatu, onse atsikana, apongozi ati mimba yake ndi "ya akazi okhaokha", ndiye akufunsa ngati zili zoona kuti mu Zambia atsikana ndiwo amabadwa ambiri.

Mayi, mwandikumbutsa kwathu. Ife tinabadwa asanu, tonse atsikana. Tsiku lomwe anabadwa mng'ono wanga wotsiriza azakhali anabwera kuchipatala ndi chitenje chatsopano komanso fulasiki ya tiyi, atangomva kuti ndi mtsikananso chitenje chija anachipinda bwinobwino n'kuchibweza m'chikwama, ndinaona ndi maso angawa ndili ndi zaka 7, amayi anangotembenukira kukhoma osayankhula kanthu. Chondipweteka mpaka lero nchakuti ndife Achewa a ku Katete, kumene mwana wamkazi ndiye mbumba, mudzi umakula ndi iye, nanga nzeru yoti mwana weniweni ndi mnyamata tinaitola kuti? Ine ndimati ndi tauni inoyi ndi nkhani zake za mapuloti.

Ndiye zoti atsikana amabadwa ambiri ndi bodza. Padziko lonse pa atsikana 100 pamabadwa anyamata pafupifupi 105, kuno ku Africa kusiyanako kumachepako pang'ono. Kungoti anyamata amamwalira ambiri ali makanda, akakula ngozi ndi mowa zimawatenganso, nchifukwa chake kalembera wa 2022 mu Zambia anapeza akazi pafupifupi 10 miliyoni, amuna 9.6 miliyoni. Osati zija amakamba makondakitala mu minibasi ya ku Kulima Tower kuti mwamuna mmodzi akazi 7, amangofuna chifukwa chokhalira ndi chibwenzi awo.

Ku China anayesa kusankha ana, lamulo la mwana mmodzi litabwera mu 1980 anthu ankachotsa mimba za atsikana mpaka anyamata anafika 118 pa atsikana 100, lero amuna ambirimbiri akusowa wokwatira. India mu 1994 inachita kuletsa kuuza makolo pa sikani kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Yankho lanu

Dzira la mayi limanyamula X basi, mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X (mwana amakhala mtsikana) kapena Y (amakhala mnyamata), ndipo iwonso sasankha. Zitsamba sizisintha zimenezi, musataye makwacha. Mukamapita ku sikelo atengeni amuna anu anamwino akawauze okha.

Azakhali aja pano amakhala ku Chelstone kwa mng'ono wanga yemwe uja, ndiye amawagulira mankhwala a BP.