Galu wotsala yekha mumpanda: za nsapato zotafunidwa ndi zikhadabo zogogoda pasimenti

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay, ndipo ndasankha kuwayankha pano chifukwa funso lawo ndi la anthu ambiri amene ayamba kusungira agalu mkati mwa mpanda. Mayiwa ali ndi galu wamphongo wa chaka chimodzi ndi theka amene amatsala yekha pakhomo kuyambira m'mawa mpaka madzulo iwo akapita ku ntchito. Galuyo watafuna nsapato, wang'amba mkeka wa pakhonde, ndipo wakumba maenje m'mbali mwa mpanda. Mayiwa anawerenga pa intaneti za zidole zobisamo chakudya, zimene galu amayenera kuvutikira kuti adye, ndipo akufunsa ngati zimathandizadi kapena n'kungotaya ndalama. Kumapeto kwa kalatayo anawonjezera kuti zikhadabo za galuyo zatalika moti zimamveka kugogoda pasimenti, koma akuopa kuziwenga chifukwa n'zakuda, komanso galuyo salola kuti munthu amugwire phazi.

Zikomo mayi polemba. Inu mwafunsa ngati nkhani ziwiri, koma ine ndikuona kuti gwero lake ndi limodzi. Taganizirani galu wa kumudzi kuno ku Salima, amene amalawirira ndi ana kupita kudambo, kenako n'kutsikira kudoko kukanunkhiza pansi pa mathandala a usipa, masana n'kukapezeka kumunda akuthamangitsa anyani. Galu ameneyo mphuno yake imagwira ntchito tsiku lonse, ndipo zikhadabo zake zimaperepeseka zokha pa nthaka youma ndi pamiyala. Tikamutsekera mumpanda timachita bwino, chifukwa timamuteteza ku chiwewe, ku magalimoto ndi ku milandu ya nkhuku za eni, koma timamulandanso ntchito yake yonse pa tsiku limodzi. Mphamvu zimene zinkathera kutchire zimathera pa nsapato zanu, ndipo zikhadabo zimene zinkatha zokha zimangokula, makamaka kwanuko kumene pabwalo pali mchenga wofewa umene superepesa kanthu.

Za zidolezo, yankho langa ndi lakuti zimathandiza, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. M'chaka cha 1963 katswiri wina wa ku America, Glen Jensen, anaona kuti makoswe amene anawaphunzitsa kudina kachitsulo kuti chakudya chituluke ankapitirizabe kudina ngakhale pambali pawo pali mbale ya chakudya chaulere. Khalidwe limeneli lapezekanso pa nyama zina zambiri. Kufunafuna chakudya kumakhutiritsa nyama mwa njira imene kudya kokha sikungathe. Kwa galu nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti m'mphuno mwake muli timaselo tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni. Tikamuikira nsima m'mbale iye n'kuimaliza m'mphindi ziwiri, chiwalo champhamvu chonsecho chimakhala chopanda chochita mpaka mawa.

Chidole chotchuka kwambiri pa zonse ndi Kong, chopangidwa ndi labala wolimba, chobooka mkati kuti muzitha kufinyiramo chakudya. Anachiyambitsa ndi Joe Markham wa ku Colorado m'zaka za m'ma 1970, ataona galu wake amene ankakonda kutafuna miyala akukangalika ndi labala wochokera kunsi kwa galimoto ya Volkswagen. Palinso zina zokhala ndi timadilowa ndi tizivundikiro, zimene mayi wa ku Sweden, Nina Ottosson, anayamba kupanga mu 1990. Ngati muli ndi wachibale ku Johannesburg kapena mwaiona Kong ku Lilongwe, igulani, ndipo musankhe yaikulu yoti singalowe yonse m'kamwa mwa galuyo. Koma musadikire imeneyo, chifukwa zimene zili pakhomo panu n'zokwanira kuyamba mawa.

Njira yoyamba, imenenso ndimaikonda koposa, sifuna chidole n'komwe. Tengani chakudya chake cha m'mawa, muchinyenyenyenye, ndipo muchimwaze pa kapinga kapena pa masamba ouma pansi pa mtengo. Ine agalu anga ndimawapatsa mkute wa mgaiwa woduladula wosakaniza ndi usipa wopanda mchere, ndipo chakudya chimene akanachimeza nthawi yomweyo amachifunafuna kwa nthawi yaitali, kenako n'kukagona. Mungathenso kuyala chitenje chakale, kumwazapo tiusipa n'kuchikulunga ngati mphasa kuti iye achifunyulule ndi mphuno, kapena kuika chakudya m'thireyi ya mazira n'kuvundikira ndi ina. Botolo la pulasitiki lobooledwa m'mbali limagwiranso ntchito: galu amaligudubuza ndipo chakudya chimagwa pang'onopang'ono. Koma muchotse chitsekerero ndi kamkombero kotsala pakhosi pake, ndipo chitenje ndi botolo zikhale za pamene inu mulipo, chifukwa galu wotafuna kwambiri akhoza kumeza nsanza kapena zidutswa za pulasitiki. Pochoka m'mawa musiyireni chakudya chomwazidwa kapena Kong.

Yambani ndi zophweka. Galu amene walephera kutulutsa chakudya masiku oyamba amagwa ulesi n'kubwerera ku nsapato, choncho mabowo akhale aakulu poyamba, ndipo muziwonjezera kuvuta kwake iye akazolowera. Chakudya cha m'chidole chichokere pa muyezo wake wa tsiku, osati chowonjezera, kuopera kuti anganenepe. M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala ndi Novembala muzitsuka zidolezo tsiku lililonse, pakuti zotsalira zimasasa msanga ndipo zimaitana nyerere.

Za maenjewo, dziwani kuti galu wa kunyanja kuno nthawi zambiri amakumba pofuna dothi lozizira logonapo, ndiye muyambe mwaona ngati ali ndi mthunzi weniweni masana onse ndiponso madzi osatha. Zikakhala kuti zimenezo zilipo, mupatseni ngodya imodzi ya bwalo, muunjikepo mchenga, ndipo muzikwiriramo kanthu kokoma kuti adziwe kuti pokumba ndi pamenepo.

Pali zinthu zimene ndikupemphani kuti zisalowe m'masewerawa. Chitsononkho cha chimanga chimaoneka ngati choseweretsa chabwino, koma sichigayika m'mimba, ndipo chidutswa chake chikatseka matumbo galu amafunika opaleshoni. N'chimodzimodzi ndi njere ya mango, imene nyengo yake ikafika imapezeka paliponse. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya chambo kapena kampango zimabaya kukhosi ndi m'matumbo. Anyezi, adyo, chokoleti ndi mphesa zouma ndi poizoni kwa galu. Chiponde n'chabwino kwambiri chopaka mkati mwa chidole, makamaka chosinja nokha chopanda mchere, koma cha m'sitolo muziwerenga pa botolo, chifukwa china chimakhala ndi xylitol, chotsekemeretsa chimene chimapha galu ngakhale chitakhala chochepa. Galu akayamba kusanza mobwerezabwereza, kukana chakudya ndi kulephera kuchita chimbudzi, musayembekezere kuti kuche kawiri musanapite naye kwa a vetenale. Ndinenenso kuti chidole sichilowa m'malo mwa kuyenda. Galu wa msinkhu umenewo amafunika kutuluka naye pa chingwe tsiku lililonse, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamene mchenga ndi phula sizikuwotcha mapazi.

Tsopano zikhadabo. Kugogoda kumene mukumva pasimenti ndi chizindikiro choona chakuti zatalika. Galu akaima pamalo osalala, zikhadabo zake siziyenera kutsamira pansi. Zikatalika zimakankhira zala m'mwamba ndi m'mbali pa phazi lililonse limene waponda, galu amasintha kayendedwe, ndipo chikhadabo chotalika chimakola mosavuta n'kuthyoka. Agalu ambiri ali ndi zikhadabo 18: zinayi pa phazi lililonse, ndi chimodzi chapamwamba mkati mwa mwendo uliwonse wakutsogolo, chokhala ngati chala chachikulu. Ena amakhala nachonso ku miyendo yakumbuyo.

Mantha anu ndi omveka, chifukwa chikhadabo cha galu sichili ngati cha munthu. Mkati mwake muli mnofu wamoyo wokhala ndi mtsempha wa magazi ndi minyewa, ndipo ukadulidwa galu amamva ululu n'kutaya magazi. Pa chikhadabo choyera mnofuwo umaoneka wofiirira, koma pa chakuda ngati cha galu wanu suoneka, ndiye lamulo lake n'kudula pang'onopang'ono. Chotsani kachidutswa kopyapyala ngati kambewu ka mpunga kosweka, kenako yang'anani pamene mwadulapo. Pakamaoneka poyera ndi pouma ngati choko, mungathe kudulanso pang'ono. Mukaona kadontho kakuda konyezimira pakati, lekani pomwepo, pakuti mnofu uli pafupi. Mnofuwu umatalika limodzi ndi chikhadabo, choncho zikhadabo zimene zakhala miyezi osawengedwa simungazifupikitse tsiku limodzi. Muzichotsako pang'ono sabata iliyonse, ndipo mnofuwo udzabwerera m'mbuyo wokha. Zikafika pabwino, kamodzi pa masabata atatu kapena anayi n'kokwanira kwa agalu ambiri.

Chida choyenera ndi chodulira zikhadabo za agalu, chooneka ngati pulayala yaing'ono ya mano okhota, ndipo chikhale chakuthwa. Chowengera cha anthu chimafinya ndi kung'alula chikhadabo cha galu wamkulu, pamene lezala ndi mpeni zimaterereka n'kucheka phazi kapena dzanja lanu. Ngati chida choyeneracho simunachipeze, tupa imagwira ntchito bwino ngakhale imachedwa, ndipo n'kovuta kuti mufike nayo pa mnofu mosazindikira. Anthu ena amamata sandipepa pa thabwa n'kuphunzitsa galu kupalasapo ndi mapazi akutsogolo pomupatsa kausipa nthawi iliyonse akapalasa. Kwa galu wokonda kukumba ngati wanu, phunziro limeneli silichedwa.

Chovuta chenicheni si kudula, koma kuti galuyo avomere. Ine ndinalakwitsapo pamenepa zaka zapitazo. Ndinapempha mnyamata wa pakhomo kuti apanikize galu wanga wamkazi pansi, ndipo pofuna kumaliza zonse nthawi imodzi ndinadula mnofu. Magazi anasiya posachedwa, koma galuyo anatha miyezi akuthawa akangondiona ndagwira chodulira, ndipo zinandiwawa mtima kuona nyama imene inkandikhulupirira ikundiopa. Musadzere njira imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa m'pamene chakudya chija chimakuthandizani. Madzulo, galu atayenda ndipo watopa, pakani chiponde pa mbale yachitsulo kapena mkati mwa chidole, ndipo pamene akunyambita mugwireni phewa, kenako mwendo, n'kusiya. Mawa lake mufike pa bondo, tsiku lina pa phazi. Akakoka phazi mulekeni, ndipo mubwerere pamene analolera dzulo. Akazolowera kugwiridwa zala, muonetseni chodulira, muchikhudzitse pa chikhadabo osadula, ndipo mudule kamtengo pafupi naye kuti azolowere phokoso lake. Tsiku loyamba kudula, dulani chikhadabo chimodzi chokha. Agalu ena zimenezi zimawatengera sabata, ena mwezi wathunthu, ndipo palibe cholakwika ndi kuchedwako.

Pogwira, chala chanu chachikulu chikhale pansi pa chala cha galu ndipo cholozera chikhale pamwamba, molimba koma osafinya, ndipo muchitire pabwalo powala. Pambali panu pakhale kambale ka ufa woyera kapena fulawa. Mukadula mnofu mwangozi, musakuwe, tapani ufawo n'kuukanikiza pa nsonga ya chikhadabo kwa mphindi zingapo, ndipo galuyo asathamange pamchenga mpaka magazi ataleka. Popeza mwagwira kale phazi, tambasulani zala muyang'ane pakati pake. Kumchenga kuno matekenya amalowa m'mapazi a agalu monga amachitira ndi anthu, ndipo nkhupakupa ndi minga zimakonda kubisala pamenepo.

Pali pamene muyenera kusiyira odziwa. Chikhadabo chikathyokera m'munsi, chala chikatupa kapena kutuluka mafinya, magazi akapitirira kwa mphindi zoposa 15, kapena galu akamalira mokalipa ndi kuonetsa mano mukamugwira, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu kudzera ku ofesi ya zaulimi, kapena ku Lilongwe kumene kuli madokotala a ziweto, kuphatikizapo a bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA. Musanayambe zonsezi onetsetsani kuti galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe, ndipo akakulumani mpaka kuboola khungu, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimodzi chokha sichingadikire maphunziro onsewa, ndicho chikhadabo chapamwamba chija. Chifukwa sichigunda pansi, sichiperepeseka ngakhale galu ayende motani, ndipo chimakula mokhota mpaka kulowa m'khungu la mwendo. Lero madzulo galuyo akagona pakhonde, khalani pafupi naye muyang'ane mkati mwa miyendo yonse inayi. Mukapeza kuti nsonga yake yayandikira khungu kapena yalowa kale, chimenecho akadule a vetenale sabata ino, ndipo zinazo muziyamba nazo inu pang'onopang'ono ndi mbale ya chiponde.