Za mabuku a Mma Ramotswe mwafunsa aja

Asisi, mwati mukufuna mabuku okhala ndi chikondi komanso kufufuza milandu, mnzanu wakuuzani za The No. 1 Ladies' Detective Agency koma mwapeza ena pa intaneti akuti ndi otopetsa, simuchitika kanthu, komanso wolemba wake ndi mzungu amene amajambula Africa ngati kulibe mavuto, nde mukufunsa ngati kuli koyenera kutayapo ndalama. Ine ndikuti pezani loyambalo muwerenge. Koma ndikuuzeniretu chimene mukapezemo kuti musakakhumudwe, chifukwa ambiri amene amawanyoza mabukuwa analowamo akuyembekezera zina.

Wolemba ndi Alexander McCall Smith, anabadwira ku Bulawayo mu 1948, anaphunzitsako zamalamulo ku University of Botswana kenako anakhala pulofesa ku Edinburgh. Buku loyamba linatuluka mu 1998 ku kampani yaing'ono ya ku Scotland komweko yotchedwa Polygon, silinachite phokoso nthawi yomweyo, linadzaphulika patapita zaka zingapo anthu a ku America atayamba kuligula ngati mandasi otentha, pano mabukuwa apitirira 20 ndipo anamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 40. Mwini nkhani ndi Precious Ramotswe, mayi wa ku Mochudi, wathupi lake ndithu ndipo amanyadira zimenezo, amene anagulitsa ng'ombe zomwe bambo ake anamusiyira nkutsegula ofesi yofufuza nkhani za anthu ku Gaborone. Bambo akewo ankaganiza kuti mwana atsegula butchala kapena malo ogulitsira mowa, iye nkusankha zimenezi.

Tiyambe ndi chikondicho poti ndi chimene mwaika patsogolo. Ngati mukufuna zija za Mills & Boon zomwe tinkabwerekana ku sekondale, mnyamata wolemera wamwano, mtsikana akugunda mtima tsamba lililonse, muno mulibe. Mwamuna wa m'nkhaniyi ndi Mr J.L.B. Matekoni, makaniko wa galaja ya Tlokweng Road Speedy Motors, munthu wamkulu kale, wamanyazi, wokonda mainjini akale, amene satha kukana munthu akamupempha chinthu. Anamufunsira Mma Ramotswe koyamba anakanidwa. Ndipo kukanako sikuti ndi matama ayi, mayiyu anakwatiwapo ali mtsikana ndi Note Mokoti, woimba lipenga, bambo ake anamuchenjeza koma sanamve, mwamunayo ankamumenya, mwana amene anabereka anangokhala masiku ochepa nkumwalira, Note nkumusiya. Nde mukamawerenga mukudziwa kuti uyu ndi munthu amene analumbira mumtima kuti za banja basi zinatha. Akamadzavomera kumapeto kwa buku loyamba, atakhala pakhonde madzulo, popanda maluwa popanda kugwada, ine zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndawaonapo amayi otere, ena ndi abale athu enieni, amene anatuluka m'banja lankhanza ndipo zinawatengera zaka kuti akhulupirirenso mwamuna. Chikondi cha anthu akuluakulu chotere sichilembedwa kawirikawiri.

Ndiye kuchoka pa kuvomerako kufika paukwati pamatenga mabuku anayi ena, apa ndi pamene owerenga ena amatopa. Mu Tears of the Giraffe Mr Matekoni akutenga ana awiri amasiye, Motholeli amene amayenda pa wilutcheya ndi mlongo wake Puso, osamufunsa nkomwe mkazi amene akufuna kumukwatira, kungoti Mma Potokwane woyang'anira malo a ana amasiye anamupanikiza mpaka anavomera. Taganizani inuyo, ukwati usanachitike mwapeza ana awiri. Mmene Mma Ramotswe anailandirira nkhani imeneyo ndi pamene mumadziwa kuti anthu awiriwa akuyenerana. Mu buku lachitatu, Morality for Beautiful Girls la 2001, Mr Matekoni akudwala matenda a maganizo aja amati dipuleshoni, akusiya kusamala galaja, akungokhala, akudziona ngati munthu woipa, ndipo nkhaniyo sakuitenga ngati walodzedwa kapena ndi ulesi, akupita naye kwa dokotala, akumwa mankhwala, akuchira pang'onopang'ono. Ndiuzeni buku lina lachikondi la nthawi imeneyo limene mwamuna wachiafirika akudwala matenda amenewa mkazi osamuthawa. Ukwati ukudzachitika mu lachisanu, The Full Cupboard of Life la 2003, mmene unachitikira sindikuuzani.

Palinso chikondi chachiwiri chimene owerenga ambiri amachikonda kuposa choyambacho, cha Grace Makutsi, sekilitale wamagalasi akuluakulu wa ku Bobonong amene anakhoza 97 peresenti ku sukulu ya usekilitale koma ntchito zabwino zinkapita kwa atsikana okongola amene anakhoza pang'ono. Ameneyu amakwiya msanga, amakonda nsapato, ali ndi kamwano kake, ndipo anakumana ndi Phuti Radiphuti ku kalasi yophunzira kuvina, bambo wachibwibwi woponda anzake mapazi, osadziwa kuti kwawo ali ndi sitolo yaikulu ya mipando. Ukwati wawo unachita kudikira mpaka buku la 12 mu 2011.

Tsopano zoti simuchitika kanthu. Apa ounika mabuku ena amene anazolowera nkhani za apolisi za ku Britain ndi America amati milandu yake ndi yopepuka, palibe mtembo pa tsamba loyamba, palibe mfuti kulira, nthawi zambiri mumadziwiratu wolakwa, ndipo anthu amangomwa tiyi wa rooibos nkumacheza. Za tiyizo ndi zoona, amamwa kwambiri. Koma tamverani milandu ya m'buku loyamba lokha. Mayi wina wantchito yake yabwino, Happy Bapetsi, kunyumba kwake kwabwera bambo akuti ndine bambo ako amene ndinasowa uli khanda, wakhazikika, akudya, akutuma, mayiyo akukayika koma mwambo sukumulola kuthamangitsa kholo. Mma Ramotswe akubwereka yunifolomu ya unesi, akufika mothamanga, akuti mwana wanu wachita ngozi akufunika magazi ambiri ndipo oyenera ndi a bambo ake omubereka, koma dziwani kuti mukhoza kufa nazo. Mkuluyo pompo anaulula kuti si mwana wake. Mlandu wina mwamuna wasowa mkazi akuganiza kuti wathawa ndi chibwenzi, kufufuza kukupeza kuti analowa mpingo wina ndipo anasowa tsiku la ubatizo kumtsinje, Mma Ramotswe akupita usiku ndi mfuti, akupha ng'ona, akuing'amba pamimba nkupezamo wotchi ya mwamunayo. Ndipo pansi pa zonsezi pali nkhani ya mnyamata amene anasowa, ndi kafupa ka chala kamene kanapezeka m'galimoto ya munthu wolemera woopedwa. Ife kuno nkhani za ana osowa chifukwa cha zizimba sitichita kuuzidwa, abale athu achialubino akhala akuzunzika nazo tikuona. Munthu anene kuti zimenezi si kanthu?

Chimene chimasiyana ndi mathero ake. Mma Ramotswe sathamangira kupolisi, amafuna kudziwa kuti choonadi chikatuluka mawa anthuwa adzakhala bwanji, poti adzakumanabe kumaliro ndi kutchalitchi. Nthawi zina amamupatsa wolakwa mpata wobweza zimene anaba, nthawi zina amasankha mawu oti wolakwiridwa amve popanda kusweka mtima. Amagwira ntchito ngati nkhoswe yabwino. Ena amati kumeneko ndi kufewa, kapena kubisa milandu, ndipo pali malo ena pamene inenso ndimaona kuti munthu wapulumuka mosavuta. Koma kunena kuti si kufufuza kwenikweni ndi kusadziwa mmene nkhani zambiri zimathera kwathu kuno.

Dandaulo la mzungu lija ndi limene ndimalitenga mozama, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Botswana wa m'mabukuwa ndi wokoma kwambiri, anthu ambiri ndi aulemu, Mma Ramotswe amatamanda Seretse Khama, pulezidenti woyamba wa dzikolo, ndi makhalidwe akale pafupipafupi, ndipo ounika ena, kuphatikizapo akatswiri a zolembalemba a kuno ku Africa, amati iyi ndi Africa yophikira azungu kuti adye mosatsamwa, anthu ake oganiza mophweka, olankhula Chingerezi chaulemu chachikalekale chimene achinyamata a ku Gaborone salankhula. Pali zoona mmenemo. Mwachitsanzo ana awiri amasiye aja ndi a mtundu wa Basarwa, anthu a ku Kalahari aja ena amawatchula kuti San, koma zaka zomwezo boma la Botswana linkasamutsa Basarwa ku Central Kalahari Game Reserve mpaka nkhani inafika ku High Court ndipo mu 2006 khoti linagamula kuti kuwachotsako kunali kosemphana ndi malamulo, zimenezi m'mabukumu simuzimva mkokomo wake. Ndale mulibe kwenikweni. Kusiyana kwa olemera ndi osauka m'dziko la dayamondi kumangokhudzidwa pamwamba. Ndipo zimandiwawa ndithu kuti munthu wa ku London kapena New York akamati ndawerengapo buku la ku Botswana amatanthauza limeneli, pamene Bessie Head anakhala ku Serowe nkulemba zakuya kwambiri, pamene Unity Dow, mayi woyamba kukhala jaji wa High Court kumeneko, yemwenso anali mmodzi mwa oweruza mlandu wa Basarwa uja, analemba The Screaming of the Innocent mu 2002 za kupha mwana chifukwa cha zizimba mosabisa kanthu. Vuto limenelo ndi la msika wa mabuku, ndipo ndi lenileni.

Koma pali mbali ina imene amamunamizira. Amati anabisa Edzi, pamene nthawi imeneyo Botswana inali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse mpaka boma la Festus Mogae linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2002. Zoona dzina la matendawa silitchulidwa kawirikawiri, koma matendawo alimo. Mma Makutsi akusunga mchimwene wake Richard m'kachipinda kake ka lendi, akumudyetsa, akumusamala ndi kamalipiro kochepa mpaka anamwalira, malo a Mma Potokwane adzaza ana amasiye ndipo aliyense akudziwa chifukwa chake. Nanga ifeyo zaka zimenezo tinkatchula? Pamaliro tinkangomva kuti adwala nthawi yaitali. Kaunda atanena poyera mu 1987 kuti mwana wake wamwalira ndi Edzi inali nkhani yaikulu chifukwa chakuti anthu sankanena. Nde kwa ine kusatchula kuja ndi mmene anthu ake akanayankhuliradi.

Ndipo werengani mutu umene bambo ake, Obed Ramotswe, akufotokoza okha moyo wawo wa kumigodi ya ku Joni, fumbi limene linawadya mapapo, kutukwanidwa, kuona munthu akuphedwa nkukhala chete chifukwa choopa. Aliyense amene agogo ake anapita ku Wenela kapena Theba nkubwerako ndi chifuwa chosatha awerenga mutu umenewo pakhosi patauma. Munthu wongofuna kukometsera Africa sakanayamba buku lake ndi zimenezo.

Nde mudzaona kuti ounika mabuku ndi owerenga wamba akukangana zinthu zosiyana. Ounikawo sikuti onse ananyoza ayi, loyambalo linayamikiridwa mwapadera ndi ena mwa oweruza a mphoto ya Booker ngakhale silinapambane, kungoti mabuku atachuluka anayamba kunena kuti akungobwereza, ndipo apa ndimagwirizana nawo, kuyambira chapakati apo mumadziwiratu kuti kavani koyera ka Mma Ramotswe kawonongeka, Charlie wa kugalaja alankhula zopusa za atsikana, Violet Sephotho, mdani wa Mma Makutsi, abwera ndi chiwembu china, Mma Potokwane atulutsa keke. Owerenga okhulupirika ndiye amati chimenecho ndi chimene timagulira, ambiri amanena kuti amawawerenga akakhala kuchipatala, akaferedwa, kapena mutu ukakhala utadzaza, chifukwa akudziwa kuti sawasiya ndi mantha. Ku Botswana komweko maganizo ndi osiyanasiyana, ena amati si dziko lathu ili, ena amasangalala kuti alendo amabwera kudzaona Mochudi ndi phiri la Kgale chifukwa cha mabukuwa. Anapanganso filimu ya pa TV ya BBC ndi HBO yojambulidwa ku Botswana konko, gawo loyamba linaonetsedwa mu 2008, Jill Scott ndi amene anali Mma Ramotswe, Lucian Msamati amene anakulira ku Zimbabwe anali Mr Matekoni, koma inangopita sizoni imodzi.

Langizo langa, werengani asanu oyambawo motsatana, osadumpha, chifukwa nkhani ya chikondi imayenda kuchoka buku lina kupita lina ndipo mukayambira pakati muwapeza atakwatirana kale kukoma konse kwatha. Lachisanu ndi chimodzi, In the Company of Cheerful Ladies, muwonjezerepo poti ndi mmene Note Mokoti akubwereranso kudzamuopseza kuti amupatse ndalama, komanso ndi mmene Phuti akulowera. Kupitirira apo muona nokha ngati mukufunabe. Ngati mtima wanu ukufuna chikondi chotentha ndi milandu yamagazi pamodzi ndiye yesani mabuku a J.D. Robb, lomwe ndi dzina lina la wolemba Nora Roberts, a wapolisi Eve Dallas ndi mwamuna wake Roarke, oyamba ndi Naked in Death la 1995, koma amenewo musawasiye pamene ana angawatole. Chingerezi cha Mma Ramotswe ndi chosavuta, mwana wa Fomu 2 akhoza kuwerenga, ndipo musanagule latsopano yambani mwayang'ana kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'tauni kapena ku National Library, mukalipeza la kaunjika mtengo wake umakhala wabwino.