Malata a Wofuna Uphungu ndi Pakamwa pa Mbusa

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene ndi msungichuma wa mpingo wina wa kumudzi, ndipo anapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena la mpingowo. Tchalitchi chawo chatsopano chaima chopanda denga kwa zaka zitatu, ndipo pakadali pano akupempherera m'kalasi ya sukulu ya pulayimale. Munthu wina amene akufuna kudzapikisana nawo pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo walonjeza malata onse ndi matumba a simenti, koma akufuna kuti katunduyo adzaperekedwe pa Pepa Sande, iye ali mlendo wolemekezeka, ndiponso kuti adzapatsidwe mpata wolonjera mpingo. Abusa avomera. Koma abusa omwewo, achinyamata atawapempha kuti alankhulepo za mankhwala amene akusowa pa chipatala cha m'deralo ndi za mayina a osauka amene akuchotsedwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, anayankha kuti mpingo sulowerera ndale, ndipo anawawerengera Aroma 13. Bamboyo akufunsa kuti: "Kodi tikalandira malatawa tachimwa? Nanga ndale zimene mpingo suyenera kulowerera ndi ziti makamaka?"

Bambo, ndayamba ndaganizira za makoma amene akunyowa dzinja lililonse, chifukwa amene sanasonkhepo ndalama za denga m'mudzi momwe anthu amapeza ndalama kamodzi pa chaka sangamvetse kulemera kwa funso lanu. Njerwa munaumba nokha, amayi anatunga madzi, ndipo mvula iliyonse ikugumula thukuta lanu. Sindikuona abusa anu ngati munthu woipa. Komabe ndikuona kuti pa nkhani ziwirizi asinthanitsa zinthu: chimene akuchikana kuti ndi ndale ndiyo ntchito yeniyeni ya mpingo, ndipo chimene achivomera ngati chitukuko ndicho ndale zimene anayenera kuziopa.

Tiyambe ndi Aroma 13, popeza ndi pamene abusa atsamira. Paulo akunenadi kuti munthu aliyense amvere maulamuliro chifukwa achokera kwa Mulungu, ndipo Mkhristu alibe chilolezo chozemba msonkho, chonyoza atsogoleri kapena choyambitsa chipolowe. Koma tikafika pa vesi 4 timamva chifukwa chimene wolamulira anaikidwira: iye ndi mtumiki wa Mulungu woti achitire anthu zabwino ndi kulanga ochita zoipa. Mtumiki amakhala ndi mwini wake, ndipo amakhala ndi ntchito imene anamutuma. Mankhwala a boma akamatuluka pa khomo la kuseri n'kukapezeka m'magolosale, munthu amene akukumbutsa olamulira za ntchito yawo sakuukira ulamuliro, akuulemekeza monga mmene Mulungu anaukhazikitsira. Natani anaima pamaso pa Davide n'kumuuza kuti munthu wolanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi uja ndi iyeyo. Yohane Mbatizi anadzudzula Herode ndipo anafera zimenezo. Atumwi atawaletsa kuphunzitsa, Petro anayankha kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene ankafuna mpando wachifumu.

Ife Amalawi sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Amene anabadwa pambuyo pake angavutike kumvetsa mantha a nthawi imeneyo, pamene munthu ankatha kutsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu wozengedwa, pamene khadi la chipani linkafunsidwa pa msika ndi pokwera basi, ndipo anthu ankayamba ayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Ngwazi. Kalatayo inakamba za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yotsika imene alimi ankagulitsira mbewu zawo, za kuthithikana m'masukulu ndi m'zipatala, za ziphuphu ndi kukondera, ndiponso za anthu otsekeredwa chifukwa cha maganizo awo. Patangopita masiku ochepa, maepiskopiwo, pamodzi ndi Arkiepiskopi James Chiona, anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre ndipo anafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inayatsidwa moto, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma mawu anali atatuluka kale. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba, Chakufwa Chihana anabwera pa 6 Epulo n'kumangidwa pa bwalo la ndege, atsogoleri a mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana n'kukhazikitsa Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 alionse anavotera ulamuliro wa zipani zambiri.

Chimene ndikufuna muonetsetse m'mbiri imeneyi, bambo, ndi chimene kalatayo sinachite. Sinauze anthu kuti atsate munthu wakutiwakuti, ndipo sinakweze chipani chilichonse. Inangotchula zimene aliyense ankaziona koma ankaopa kuzinena, ndipo inaziyeza ndi mulingo wa Uthenga Wabwino. Nkhani za mankhwala ndi feteleza zimene achinyamata anu akudandaula n'zamtundu womwewo. Abusa akanazilankhula modekha, ndi umboni, osatchula chipani, akanakhala akuyenda m'mapazi a anthu amene ufulu umene tikupempherera nawo lero unadzera mwa iwo.

Mawu a mpingo amalemera pamene aliyense akudziwa kuti sanagulidwe. Chipani chimene chinasangalala ndi kalata ya 1992 ndi chomwecho chimene chinakwiya pamene mipingo inakana zoti Bakili Muluzi aimirenso kachitatu, mpaka bilu yochotsa malire a materemu inakanika kupeza mavoti okwanira m'Nyumba ya Malamulo mu Julaye 2002. Mu 2020 Akhristu ambiri anakondwera kuti Lazarus Chakwera, amene anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, wakhala mtsogoleri wa dziko, koma zimenezi sizinaletse maepiskopi a Katolika kulemba kalata yowawa mu Febuluwale 2024 yodandaula za katangale ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Munthu angagwirizane kapena kutsutsana ndi zina mwa zimene analemba, koma sanganene kuti amalasa mbali imodzi yokha. Mpingo umene umadzudzula boma pokhapokha wolamulira akakhala wa chigawo china kapena wa mtundu wina sukulosera, ukungochita kampeni utavala kolala.

M'buku la Amosi, chaputala 7, muli munthu amene ndimamuganizira kawirikawiri pa nkhani ngati yanuyi. Dzina lake ndi Amaziya, wansembe wa ku Beteli. Amosi atayamba kudzudzula olemera amene ankagulitsa aumphawi pa mtengo wa nsapato ndi kubera anthu pa miyeso ya tirigu, amene anamuthamangitsa sanali msilikali koma wansembe, mtsogoleri wa zachipembedzo. Amaziya anamuuza kuti abwerere ku Yuda, azikadya ndi kulosera komweko, chifukwa Beteli ndi malo opatulika a mfumu. Kachisi anali wokongola, nsembe zinkaperekedwa, nyimbo zinkaimbidwa, koma mwini wake anali atasintha, ndipo wansembe ankadziwa amene akumudyetsa.

Ndinaonapo zofanana ndi zimenezi ndi maso anga pa Pepa Sande ina zaka zapitazo. Mapemphero anayamba mochedwa ndi ola lathunthu chifukwa mlendo wolemekezeka anali asanafike. Galimoto zitalowa pa bwalo, kwaya inadula nyimbo pakati, ndipo madikoni anapempha agogo awiri amene ankakhala pa benchi lakutsogolo chifukwa chosamva bwino kuti asamukire kumbuyo. Mmodzi wa agogowo anatola ndodo yake ndi Baibulo lake lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, n'kukakhala pansi pafupi ndi khomo. Mlendoyo atapatsidwa maikolofoni kuti alonjere mpingo, analankhula nthawi yaitali kuposa ulaliki, envulopu inakwezedwa m'mwamba, ndalama zinalengezedwa, nthungululu zinamveka. Ndinatuluka mtima uli wolemera, chifukwa Yakobo 2 anali atachitika pamaso pathu monga mmene analembedwera: munthu wa mphete yagolide ndi zovala zokongola auzidwa kuti akhale pabwino, ndipo wosauka auzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Patapita miyezi, munthu uja atapambana ndipo mlatho umene analonjeza utasiyidwa pa maziko, panalibe mkulu wa mpingo ndi mmodzi yemwe amene anali ndi nkhope yokamufunsa. Eksodo 23:8 amati chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya ndipo chimapotoza mawu a olungama. Onani kuti lembalo silikunena za anthu oipa. Likunena za openya ndi olungama, anthu ngati inu ndi abusa anu.

Kodi ndiye kuti wandale sangapereke kanthu ku nyumba ya Mulungu? Angapereke ndithu. Nayenso ndi munthu wofunika chipulumutso, ndipo Mkhristu amene akumva kuitanidwa kukatumikira monga khansala kapena phungu tiyenera kumulimbikitsa ndi kumupempherera, monga 1 Timoteo 2 amatilamula kupempherera onse a ulamuliro. Vuto silili pa malata, lili pa zimene akufuna kuti mumubwezere. Ambuye Yesu anati popereka, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo anachenjeza za anthu oliza lipenga m'masunagoge kuti atamandidwe. Ngakhale lamulo la dziko lathu loyendetsera zipani la 2018, limene linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, linasiyanitsa zinthu ziwirizi: zopereka za chipembedzo zimene sizilengezedwa silinaziwerengere m'gulu la zoletsedwa. Ngati aphungu amene analemba lamulo anaona kuti chopereka cholengezedwa chimasanduka nyambo, mpingo suyenera kukhala womalizira kuzindikira.

Choncho malangizo anga ndi akuti akuluakulu a mpingo atumize anthu awiri kapena atatu kwa munthuyo, akamuthokoze mwaulemu, ndipo akamuuze kuti mpingo ulandira mphatso yake monga mmene umalandirira ya Mkhristu wina aliyense. Malata abwere pakati pa sabata, inu monga msungichuma muwalembe m'buku ndi kupereka risiti, dzina lake lisalengezedwe pa guwa, pasakhale makamera, ndipo akabwera kudzapemphera akhale pamene pali malo. Akavomera, landirani ndi mtima woyera, chifukwa waperekadi kwa Mulungu. Akakana, mudzakhala mwadziwa kuti sankapereka koma ankagula, ndipo mudzakhala mwadziwa katundu asanatsitsidwe pa lole. Ndikupemphaninso kuti mfundo imeneyi ilembedwe m'mabuku a mpingo ngati lamulo la aliyense, wa chipani cholamula ndi wotsutsa yemwe, kuti mawa wina asadzanene kuti munakana munthu wake chifukwa cha mtundu wa nsalu. M'mabenchi anu muli anthu ovotera zipani zosiyanasiyana, ndipo onse amamwera chikho chimodzi pa Mgonero. Tsiku limene guwa lidzaoneke kuti lili ndi mbali, ena mwa iwo adzayamba kumva ulaliki uliwonse ndi khutu lokayika.

Za abusa, musawatsutse pagulu kapena pa gulu la WhatsApp la mpingo. Pitani kunyumba kwawo ndi mkulu wina amene amamukhulupirira, ndipo mukambirane monga ana ndi bambo wawo. N'kutheka kuti akuopa, ndipo mantha awo ali ndi maziko, chifukwa mbusa wa kumudzi amene walankhula za mndandanda wa feteleza amadana ndi anthu amene amakumana nawo tsiku ndi tsiku pa msika ndi pa maliro, ndipo ena mwa iwo ndi akuluakulu a mpingo womwewo. Muwatsimikizire kuti sadzasenza okha nkhaniyi. Achinyamata alembe mayina a mabanja amene achotsedwa pa mndandanda ndi masiku amene odwala anabwezedwa popanda mankhwala, kenako nthumwi za mpingo, pamodzi ndi za mipingo yoyandikana nayo ndi a ku mzikiti ngati alipo, zikakumane ndi amfumu, komiti ya chitukuko ya m'dera ndi komiti ya pa chipatala. Zambiri mwa ntchito imeneyi sizifuna n'komwe guwa.

Ndikudziwa kuti mukatsata njira imeneyi mwina mudzapemphereranso m'kalasi dzinja likubwerali, ndipo ena adzakunenani kuti mwathamangitsa mwayi. Muwerengetsere kuti denga lonse likufuna malata angati, mugawe chiwerengerocho m'milaga ndi m'magulu a amayi, abambo ndi achinyamata, mulembere ana a mpingo amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni kuti aliyense agule lata limodzi kapena awiri, ndipo nthawi yokolola mulandire chimanga, soya ndi mtedza m'malo mwa ndalama. Pakadali pano phimbani pamwamba pa makoma ndi mapepala a pulasitiki mvula isanayambe, ndipo mukafolera chigawo choyamba mundilemberenso.