Achemwali, thandizo la CFAP 2 likukukhudzani inunso

(Kalatayi ndinailemba mu 2020, kulembetsa kukadali mkati. Panopa thandizoli linatsekedwa kale.)

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti mumalima ndiwo zamasamba pa maekala awiri kuno ku America, malesitilanti omwe ankakugulani anatseka chifukwa cha Covid-19, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndalama zomwe boma likupereka kwa alimi ndi za eni minda ikuluikulu okha. Ayi ndithu. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka ndinaphonya gawo loyamba la thandizoli lomwe linatsekedwa pa 11 September 2020. Inu musachite ngati ine.

Lomwe lilipo chaka chino cha 2020 ndi gawo lachiwiri, CFAP 2, thandizo la ndalama kwa alimi okhudzidwa ndi Covid-19, la unduna wa zaulimi wa ku America, USDA. Boma laikapo ndalama zofika madola 14 biliyoni. Kulembetsa kunayamba pa 21 September ndipo kutha pa 11 December 2020. Si ngongole, simudzabweza. Zonse zimachitikira ku ofesi ya Farm Service Agency, FSA, ya m'county (dera) mwanu. Yambani mwaimba foni, chifukwa ndi matendawa maofesi ambiri sakulandira munthu wongotulukira.

Kwa ife a masamba ndi zipatso safunsa kuti mwaluza zingati chaka chino. Amayang'ana zomwe munagulitsa mu 2019, n'kukupatsani gawo lake. Pa madola 49,999 oyamba amapereka 10.6 peresenti, kupitirira apo peresentiyo imatsika pang'onopang'ono. Choncho ngati munagulitsa za madola 20,000, mulandira 2,120. Sizingabweze zonse zomwe zinaolera m'munda, koma mbewu ndi manyowa a chaka chamawa mugula. Amene anayamba kulima mu 2020 amawerengetsa malonda a chaka chino.

Ntchito yeniyeni ili pa mapepala anu. Fomu ya AD-3117 ndi yaifupi, nambala mumalemba nokha ndipo pa tsikulo sakuumirizani kuonetsa malisiti. Koma musanyengeke nazo. Akhoza kudzakusankhani kuti muonetse umboni, ndipo zolemba zanu muyenera kuzisunga zaka zitatu. Ine ndinakhala mausiku awiri patebulo ndi kabuku kanga ka kumsika, kothimbirira ndi dothi, masamba ena atamatana ndi madzi a tomato, ndikufananitsa Loweruka lililonse ndi zomwe zinalowa kubanki. Pomwe panalibe umboni ndinapasiya, ngakhale ndinkakumbuka bwinobwino kuti tsikulo ndinagulitsa. Mtima unawawa, koma ndimagona tulo. Werengani zokhazo zomwe munalima nokha. Zomwe munapikula kwa mlimi mnzanu n'kukagulitsa sizilowa, ndipo ngati mumapanga jamu kapena sosi, mtengo womwe wakwera chifukwa chophikacho suwerengedwa.

Ngati simunapondeko ku FSA, akulembetsani kaye m'kaundula wawo ndi fomu ya AD-2047, kenako musaina AD-1026 yolonjeza kusamalira nthaka ndi madambo. Konzeraninso nambala ya akaunti yakubanki, chifukwa ndalama zimalowa mmenemo. Wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, amamuwerenga chimodzimodzi ndi nzika. Ngati mapepala anu ndi a mtundu wina, funsani pa foni yomweyo musanalembe chilichonse, pali malamulo ake apadera.

Malire ake ndi madola 250,000 pa munthu. Ifeyo sitifikako, koma ndatchula dala kuti muone kuti anzathu a minda ikuluikulu satenga nthawi, amalembetsa sabata yoyamba. Otsala ndife alimi ang'onoang'ono, ena chifukwa cha mantha ndi maofesi, ena chifukwa cha Chingerezi cha m'mafomu. Zimandipweteka kwambiri. Womasulira mukhoza kumupempha, ndipo kulembetsa ndi kwaulere, aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akudutsitseni mumukane.

Musaiwalenso kuti ndalamazi mudzazilipirira msonkho. Kumayambiriro kwa chaka chamawa mulandira fomu ya msonkho ya 1099-G yoonetsa ndalama zomwe boma lakupatsani, ndiye patulanipo kangachepe ka msonkhowo zikangolowa. Mukakonzeka ndi kabuku kanu mundiuze, tiwerengere limodzi pa foni madzulo ena sabata ino.