Nyimbo ya mabelu pa limba: tengani ya Byrd, koma musaitsegulire zonse

Achimwene, mwafunsa zitatu: nyimbo ya m'nthawi ya Renaissance (cha m'zaka za m'ma 1500) yotsanzira mabelu a tchalitchi yoti muimbe pa limba tsiku la ukwati wa mlongo wanu, kopeza manoti ake, ndi kiyibodi yoti mugule. Za kiyibodizo ayankhe ena. Ine ndinena za nyimbo.

Imene mukufunayo ndi The Bells ya William Byrd, musavutike n'kusaka ina. Ndaona ena akukutchulirani Carillon de Westminster ya Louis Vierne. Ndi yokoma, sindikukana, koma ndi ya 1927, ndipo imafuna limba lalikulu ndi miyendo yozolowera mapedulo, makiyi oponda ndi mapazi. Wina watchula Les Cloches ya Nicolas Lebègue. Ameneyo wayandikirako, poti nyimboyo inalembedwera limba lenileni, koma Lebègue anabadwa cha mu 1631, Byrd ali kale m'manda. Abale, tiziyamba tawerenga funso.

Byrd anabadwa cha mu 1540 ndipo anamwalira mu 1623 ku Stondon Massey, m'chigawo cha Essex. Anayamba kuimba limba ku Lincoln Cathedral mu 1563, ndipo mu 1572 analowa m'gulu la oimba a Chapel Royal, otumikira mfumukazi Elizabeth I, chonsecho iye anali Mkatolika m'dziko limene Akatolika ankazunzidwa. Ndiye kaya ukwatiwo ndi wa ku Katolika kaya wa ku Angilikani, onse amamutenga ngati wawo. Komanso nyimboyi ilibe mawu oti wina akanganepo.

Mmene inapangidwira ndi mosavuta kumva. Besi ili ndi manoti awiri basi, C ndi D, kapena kuti do ndi re kwa inu a solofa, ndipo awiriwo amangobwerezedwa kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ngati mabelu awiri aakulu amene sakutopa. Pamwamba pake mawu ena amalowa limodzilimodzi, akutsika masitepe kuchokera m'mwamba, chifukwa ku England mabelu amawaliza kuyambira laling'ono kwambiri mpaka lalikulu, ndiye khutu limamva sikelo yotsika. Luso losinthasintha ndondomeko ya mabelu mwa masamu linakhwima Byrd atapita: mabuku ake oyamba ndi Tintinnalogia la 1668 ndi Campanalogia la Fabian Stedman la 1677. Zimene Byrd anaika m'nyimboyi ndi mabelu akutsatizana, kupitirirana, ena kulowerera anzawo asanamalize. Imayamba mwakachetechete ndi manoti aatali, kenako manoti amanka nafupika mpaka zala zikuthamanga. Yonse imatenga mphindi pafupifupi 6.

Tsopano chenjezo, ndipo n'chimene chandilembetsa zonsezi. Nyimboyi ili m'buku la nyimbo za virginals, kachipangizo ka m'nyumba ka mtundu wa harpsichord, kamene kamakodola nsambo ndi kachidutswa ka nthenga. Noti ikalira pamenepo imayamba mwamphamvu n'kuzilala yokha, ndendende mmene limachitira belu. Limba silitero. Mukagwira kiyi, mpope umalira mofanana mpaka mutachotsa chala. Ndiye C ndi D ndi manoti oyandikana: C akapanda kuzima D asanalowe, awiriwo amamenyana, ndipo amamenyana kwa mphindi 6 zonsezo.

Ndinaimva ikuphedwa motero pa ukwati wina kuno ku England, m'tchalitchi chachikulu chamiyala chimene mukatsokomola mawu amabwerera kawiri. Woimbayo sanali wophunzira ayi, zala zake zinali bwinobwino. Koma anaona dzina loti mabelu n'kuganiza kuti pakufunika phokoso. Anakoka ma stop onse (zokoka zosankhira mipope yoti ilire), ma reed ndi ma mixture aphokoso omwe, n'kutenga C ndi D uja kuwaika kumiyendo pa 16', mipope yaitali ya mawu apansi kwambiri. Chimene chinatuluka chinali phala. Masikelo otsika aja, amene ndiwo mabeluwo, sankamvekanso. Kunangotsala kung'ung'udza kwa pansi kogwedeza mabenchi. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kuti kodi kiyi yakanirira, aitane munthu? Pofika pakati anthu anali atayamba kucheza, mkwati akungoyang'ana kumbuyo kuti zitha liti. Munthu uja anamaliza ali thukuta kamukamu, osadziwa kuti palibe wamvapo belu ngakhale limodzi. Chondiwawa n'choti ambiri anatuluka akuti nyimbo zakale n'zogonetsa tulo, pomwe Byrd sanalakwe kanthu.

Kumbukirani kuti malimba a ku England a m'nthawi ya Byrd analibe mapedulo. Mapedulo anafika kumeneko mochedwa, m'zaka za m'ma 1700. Malimbawo anali aang'ono, a ma stop owerengeka. Ambiri anaphwanyidwa, makamaka Nyumba ya Malamulo italamula mu 1644 kuti malimba achotsedwe m'matchalitchi, moti chimene chathandiza akatswiri kudziwa mamvekedwe ake ndi zidutswa. Thabwa lina lokhalapo mipope linapezeka ku Wetheringsett, ku Suffolk, anthu atalisandutsa chitseko, ndipo kampani ya Goetze and Gwynn inamanga limba latsopano potengera thabwalo. Mukapeza zojambulidwa za limba limenelo pa intaneti, mvetserani kupepuka kwake. Mawu amenewo ndiwo muziwasaka.

Choncho ine ndingati yambani ndi stop imodzi yofewa ya 8', monga Stopped Diapason, mwina ndi Flute 4' pamwamba pake (nambala ikachepa, mawu amakwera). Zala zikayamba kuthamanga mutha kuwonjezera Principal 4', ndipo Fifteenth 2' isungireni chakumapeto. Ma reed asiyeni. 16' musaikhudze n'komwe. Pamene dzanja lamanzere silikufikira, thandizani ndi pedulo yolumikiza ku manja yokha, popanda stop yakeyake. Ndipo chachikulu: musamamatize manoti. Siyani kampata pakati pa C ndi D, kuti noti iliyonse iyambe payokha, poti pa limba kumenya kwa belu kumamveka chifukwa cha kachete kamene kali patsogolo pake. Tchalitchi chikakhala chobweza mawu kwambiri, kampatako kakule. Pemphani mnzanu akaime kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi pamene mukuyeserera, chifukwa chimene mumamva inu pampando si chimene amamva anthu.

Ngati chimene mukuchitcha limbacho ndi kiyibodi yamagetsi, musakopeke ndi mawu olembedwa Tubular Bells kapena Carillon. Pa manoti awiri oyamba muona ngati mwapeza golide, koma masikelo akayamba muzimva ngati wotchi zambiri zikulira pamodzi. Mawu a Church Organ nawonso nthawi zambiri amakhala limba lotsegulidwa lonse, lomwe lija ndakudandaulirani. Sakani a limba laling'ono la mawu a chitoliro, muchepetse reverb (kubweza mawu), phazi lichoke pa sustain, pedulo yotalikitsa mawu. Kunena zoona, pa kiyibodi mawu a harpsichord amaikhala bwino nyimboyi kuposa a limba. Makiyibodi ena a Yamaha ndi Roland ali ndi pochunira temperament, kutanthauza kachunidwe ka manoti. Mukapezapo Mean Tone, ikani pa C. Nyimboyi imakhala kwambiri pa makiyi oyera, ndipo do ndi mi amagwirizana mokoma m'kachunidwe kameneko, komwe ndi kofala m'nthawi ya Byrd. Mukamaliza bwezerani mmene zinalili, kwaya ingadzavutike pa nyimbo yotsatira.

Liwiro musalisankhe poyang'ana tsamba loyamba. Pitani pamene manoti athinana kwambiri, muone liwiro limene zala zanu zingakwanitse bwinobwino, kenako muwerengere chobwerera. Ambiri amayamba mothamanga poona manoti aatali, n'kudzapunthwa kutsogolo, ndipo besi ikangosintha liwiro mabelu atha.

Za manoti. Nyimboyi ndi nambala 69 mu Fitzwilliam Virginal Book, buku lolembedwa pamanja la nyimbo pafupifupi 300, limene Viscount Fitzwilliam anasiyira yunivesite ya Cambridge mu 1816. Mpaka lero limasungidwa ku Fitzwilliam Museum. J. A. Fuller Maitland ndi W. Barclay Squire analisindikiza mu 1899, ndipo limenelo lili ulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manoti a nyimbo. The Bells ili m'voliyumu yoyamba, masamba ake safika 10, ndiye mtengo wake ndi wa pulinta basi. Mukafuna buku logwira m'manja, lilipo la kampani ya Dover, ndipo mtengo umatsikirapo likakhala logwiritsidwapo kale. Sankhani lokonzedwanso ndi Blanche Winogron, chifukwa la 1899 lili ndi zolakwika apa ndi apo. La akatswiri ndi Musica Britannica voliyumu 27, lokonzedwa ndi Alan Brown, koma limenelo n'lokwera mtengo kwambiri. Pa ukwati umodzi ndalama imeneyo kagulireni mlongo wanu mphatso.

Chenjerani ndi amene amagulitsa nyimboyi pa intaneti atalemba kuti yakonzedwera limba. Ambiri amadula zigawo zapakati, kuwonjezera mzere wa mapedulo ndi kunenepetsa makodi, ndiye mumalipira ndalama kuti akuwonongereni chinthu chimene chenicheni chake n'chaulere. M'manoti enieniwo muona timizere todutsa pa timichira ta manoti, pena kamodzi pena tiwiri. Ndi zokometsera, ndipo akatswiri mpaka pano sagwirizana tanthauzo lenileni la kamzere kamodziko. Pa tiwirito gwedezani chala pang'ono ndi noti yapamwamba. Pa limba musatiimbe tonse, sankhani toyenera, chifukwa tikachuluka timaphimba masikelo.

Mukamasaka zoti mumvere, mupeza za magulu a malipenga. Gordon Jacob anaiika kumapeto kwa William Byrd Suite yake, imene anakonzera bandi ya asilikali pokumbukira zaka 300 Byrd atamwalira, ndipo Carl Orff anamangapo Entrata yake ya okesitira. Zonsezo n'zabwino, koma n'zimene zimanamiza oimba limba kuti nyimboyi ndi ya chiphokoso. Yambani mwamva Davitt Moroney, amene anajambula nyimbo zonse za kiyibodi za Byrd ku kampani ya Hyperion, ma CD 7, mu 1999. Mukamva mmene noti imazilalira pa nsambo mudziwa chimene mukuyesa kutsanzira.

Nanga muiike pati? Osati polowa mkwatibwi. Imayamba pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ngati operekeza akulowa ndi masitepe awo ovina, sapezamo poponda. Potuluka ayinso: nthungululu za azakhali ziimeza yonse, ndipo sitingawaletse. Malo ake ndi pamene anthu akukhazikika mwambo usanayambe, kapena pamene akwati ndi ankhoswe akusaina. Zigawo zake zili ndi manambala, ndiye lembanitu ndi pensulo malo awiri kapena atatu pamene mungaimire pa kodi ya C ngati kusainako kwatha msanga.

Kambirananinso ndi amene amaliza belu la patchalitchipo, kuti asalilize inu muli pakati. Belu lenileni lili ndi noti yakeyake, ndipo kawirikawiri siikhala C kapena D wanuyo. Masamba aja muwamate ndi selotepu kuti atambasuke onse pamodzi, kapena mupeze mwana wa m'kwaya wodziwa kuwerenga stafu azikutembenuzirani, poti dzanja lamanzere silipuma mpaka noti yomaliza.