Maliro a ku Roma pa kompyuta: tikhulupirire mpaka pati?

Mayi wina, mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, wandilembera imelo. Akuti anaonera pa YouTube kanema wa mzinda wa Roma womangidwanso pa kompyuta, ndipo akufuna kuonetsa ophunzira ake pofotokoza za maliro a Aroma. Funso lawo ndi lakuti: kodi zimenezi ndi zoona, kapena ndi zongopeka?

Mayi, aonetseni, koma muyambe mwafunsa kuti kanemayo akuonetsa Roma wa chaka chiti. Ambiri mwa makanema amenewa amatsata ntchito ya Rome Reborn, imene Bernard Frischer anaiyambitsa ku yunivesite ya UCLA ku America, ndipo imaonetsa mzindawu mmene unalili m'chaka cha 320 AD. Pomwe maliro amene timawadziwa bwino anawalemba ndi Polybius, Mgiriki wolemba mbiri yakale amene anatengedwa kupita ku Roma mu 167 BC. Pakati apa pali zaka pafupifupi 500. Ngakhale nsanja yolankhulirapo, Rostra, Julius Caesar anadzaisuntha pamalo pake pakale.

Polybius akuti akamwalira munthu wotchuka, mtembo ankaunyamula kupita nawo ku Forum, bwalo lalikulu la mzinda, nthawi zambiri atauimiritsa kuti aliyense auone. Banja lililonse lapamwamba linkasunga m'makabati amatabwa zigoba za phula za nkhope za makolo awo amene anakhalapo pa maudindo. Tsiku la maliro zigobazo zinkavekedwa anthu ofanana ndi eni akewo msinkhu ndi thupi, ndipo aliyense ankavala mkanjo wa udindo wa gogoyo: wa mkawo wa chibakuwa ngati anali consul (mmodzi mwa atsogoleri awiri a boma osankhidwa chaka ndi chaka), wa chibakuwa wokhawokha ngati anali censor (mkulu woyang'anira kalembera wa nzika), wopetedwa ndi golide ngati analandirapo ulemu wa kupambana nkhondo. Ankakwera magaleta, n'kukakhala mondondozana pa mipando ya minyanga ya njovu. Apo mwana wa malemu ankakwera pansanja n'kutamanda bambo wake, kenaka gogo mmodzimmodzi kuyambira wakale kwambiri. Ophunzira anu ena akumbuka gule wamkulu pamaliro, ndipo sakulakwa, koma muwauze kuti chigoba cha Mroma chinali nkhope ya munthu wodziwika dzina ndi udindo, ndipo ntchito yake inali kukumbutsa anthu oponya voti kuti banja ili si lamasewera.

Apa ndi pamene ine ndimaiyamikira kompyuta ndi mtima wonse. Mwambo wonsewu unakonzedwa kuti anthu aone ndi kumva, koma Polybius sakunena kuti wolankhula ankayang'ana mbali iti, kapena mipando ija inkaikidwa pamwamba pa nsanja kapena pansi. Mu 2010 Diane Favro ndi Christopher Johanson, a ku UCLA komweko, anafalitsa kafukufuku amene anamanganso Forum ya mu 160 BC, chaka chimene anamwalira kazembe wankhondo Aemilius Paullus, n'kuyesa kuika mipando ndi wokamba m'malo osiyanasiyana. Ukaika makolowo pansi, oima kumbuyo kwa khamu akungoona makosi a anzawo. Ukawakweza pansanja, akuoneka patali. Wokamba akatembenukira ku nyumba ya Senate (bungwe la akuluakulu a boma), namtindi wa anthu ali m'bwalo wauonetsa msana. Mafunso oterewa sungawayankhe powerenga buku lokha. Ufunika kuima pamalopo, maso ali pamsinkhu wa munthu.

Tsono zokhulupirira zisiyanitseni chonchi. Maziko a nyumba ndi kukula kwa bwalo, akatswiri ofukula zakale anayeza ndithu. Kutalika kwa makoma ndi madenga nthawi zambiri amakuyerekeza kuchokera ku zidutswa za nsanamira, zithunzi za pa ndalama zachitsulo ndi nyumba zina zofanana nazo. Utoto, nkhope, khamu ndi phokoso ndi pamene wojambula amadzaza yekha, ndipo palibe chigoba cha phula cha mabanja amenewa chimene chinafika masiku athu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti pakanema zonsezi zimawala mofanana, mwana osadziwa kuti mwala uwu unayezedwa, denga ilo n'loganizira.

Pambali pa kanemayo, funani pa intaneti chithunzi cha mwala wosema woonetsa maliro wa ku Amiternum, tauni yakale ya ku Italy. Pali oimba malipenga ndi zitoliro kutsogolo, amayi olira tsitsi lili nyankhalala, amuna asanu ndi atatu atasenza chithatha, malemu atagona chammbali atatsamira mkono. Anausema Aroma eni ake. Ophunzira auyerekeze ndi kanemayo, ndipo alembe zimene wojambula wa pakompyuta wawonjezera ndi zimene wasiya.